Ziweluzo za khoti zimene zimakutsatilani mpaka pa mzele wa ku kiliniki

Nkhani za khoti zimatentha m'minibasi ngati wandale wamkulu wamangidwa, olo ngati cisankho catha ndipo oluza athamangila kwa majaji. Pamenepo aliyense ni loya. A ku mpando wakumbuyo aweluza, a pafupi na dilaiva acita apilu, kondakita naye aponyapo yake uku asonkhanitsa ndalama. Koma kuli milandu ina imene siimveka m'basi. Ni milandu imene inasintha zimene nesi angacite na magazi anu, zimene mkaidi ayenela kudya, na dzina limene Boma lingaitanile m'bale wanu wodwala maganizo.

Lelo nifuna tikambilane za milandu imeneyo. Cifukwa cake ni ici: muno m'Zambia, ufulu wolandila cithandizo ca mankhwala suli pa mndandanda wa maufulu amene mungasumile Boma. Zocepa zimene tili nazo zinabwela kupitila mwa oweluza. Ndipo amene anatimenyela nkhondoyo ni anthu amene ambili a ife timawayang'anila pansi: asilikali ocotsedwa nchito, akaidi a ku Chimbokaila, na odwala a ku Chainama.

Zimene buku linalemba na zimene linasiya

Buku lalikulu la malamulo a dziko, limene tonse timangoti Constitution, lili na cigawo cacitatu cochedwa Bill of Rights. Mmenemo ndiye muli maufulu amene khoti ingateteze. Article 12 ikamba za ufulu wokhala na moyo. Article 15 iletsa kuzunza munthu olo kumucita zinthu zomucotsela ulemu. Article 17 iti munthu asafufuzidwe pathupi olo pa katundu wake popanda iye kuvomela. Article 21 ni ya ufulu wosonkhana, ndipo Article 23 iletsa tsankho. Ndiye pali Article 28, imene ili ngati citseko colowela: ngati muona kuti umodzi mwa maufulu awa waphwanyidwa, mungapite nayo nkhani ku High Court.

Welengani cigawo conseco, simudzapezamo mzele wokupatsani ufulu wa mankhwala, wa cipatala, wa cakudya olo wa madzi abwino. Kwa zaka zambili zinthu izi zinalembedwa pamalo ena m'bukuli, monga zolinga zimene Boma liyenela kuyesetsa kukwanilitsa ngati ndalama zilipo. Ndipo panalembedwa poyela kuti palibe khoti imene ingakakamize Boma pa zolinga zimenezo.

Mpata wosintha izi unabwela pa 11 August 2016. Tsiku lija, kuwonjezela pa mapepala osankhila atsogoleli, tinapatsidwa kapepala ka referendum. Mukumbukila diso na khutu? Diso linali la ovomela, khutu la okana. Bill of Rights yatsopano imene anali kutifunsa inali na ufulu wa cithandizo ca zaumoyo, cakudya, madzi, nyumba na maphunzilo. Ambili mwa amene anavota anasankha diso. Koma lamulo lifuna kuti ovomela afike theka la anthu onse a msinkhu wovota, ndipo ciwelengelo cimeneco sicinakwane. So tinatsala na Bill of Rights yakale.

Kuti muone kusiyana kwake, yang'anani ku South Africa. Kumeneko ufulu wa cithandizo ca zaumoyo unalembedwa mu gawo 27 la Constitution yawo. Boma la kumeneko linali kupeleka mankhwala a nevirapine, oteteza mwana kuti asatenge HIV kwa amai ake pobadwa, m'zipatala zocepa cabe zoyeselako. Gulu la Treatment Action Campaign linasuma, ndipo mu July 2002 khoti yawo yaikulu inalamula Boma kuti licotse ciletsoco. Maloya awo anangoloza mzele m'buku. Athu kuno alibe mzele woloza, conco amazungulila. Amalowela pa moyo, pa ulemu wa munthu, na pa cinsinsi ca thupi lake.

Magazi ni anu

Mlandu woyamba unaweluzidwa ku Livingstone. Asilikali awili a Zambia Air Force anacotsedwa nchito mu 2002, atauzidwa kuti thanzi lawo silingawalole kupitiliza usilikali. Iwo anakamba ku khoti kuti anatengedwa magazi osauzidwa kuti apimidwa HIV, ndipo anapatsidwa mankhwala osauzidwa kuti ni a matenda anji. Anadziwa pambuyo pake kuti anali ma ARV.

Mu May 2010, Jaji Elizabeth Muyovwe wa High Court anaweluza kuti kupima munthu HIV iye asanavomele ni kuphwanya ufulu wake wa cinsinsi, komanso ni kumucita cinthu comucotsela ulemu. Aliyense wa awiliwo anapatsidwa K10 miliyoni ya ndalama zakale, imene pa ndalama za manje ni K10,000. Koma sanawine zonse. Khoti siinapeze umboni wokwanila wakuti anacotsedwa cifukwa ca HIV, ndipo pa nchito sanabwezedwe.

Ndalamazo zinali zocepa, koma mfundo imene inatsala ni yaikulu. Ngati msilikali, munthu wophunzitsidwa kuti bwana akakamba iye angomvela, ali na ufulu wofunsidwa coyamba, nanga imwe a pa mzele wa ku kiliniki? Kupeleka dzanja kuti nesi atenge magazi a malungo sikutanthauza kuti mwavomela kupimidwa ciliconse.

Mfundo iyi inayesedwa mu August 2017, pamene Pulezidenti Edgar Lungu analengeza kuti kupima HIV m'zipatala za Boma kudzakhala kokakamiza. Colinga cinali comveka: anthu ambili anali kufika ku cipatala mocedwa, matenda atawagwetsa kale, pamene ma ARV ni aulele. Koma omenyela maufulu anakumbutsa dziko kuti khoti inakambapo kale pa nkhaniyi. Patapita masiku ocepa, nduna ya zaumoyo ya nthawiyo, a Chitalu Chilufya, inalongosola kuti aliyense wofika ku cipatala adzauzidwa za kupima monga mwa nthawi zonse, koma amene safuna angakane.

Musanimve molakwa, abale anga. Ine siniletsa kupimitsa. Pimitsani, ndipo ngati kacilombo kapezeka yambani mankhwala mwamsanga. Cimene nikamba n'cakuti munthu wouzidwa bwino-bwino, amene wavomela yekha, ndiye amamwa mankhwala ake tsiku na tsiku. Wopimidwa mwakabisila amathawa cipatala, ndipo amauzako anzake kuti asapiteko.

Nkhani iyi ifikanso kwa imwe amene mumatsika basi ku Kabulonga olo ku Woodlands m'mamawa kukasewenza m'nyumba za anthu, na imwe alonda a pa geti. Timamva kuti kuli mabwana amene amafuna pepala la HIV asanakulembeni nchito. Mlandu wa ku Livingstone unali wotsutsana na Boma, zoona. Koma lamulo la nchito la 2019, Employment Code, liletsa wolemba nchito aliyense kusankha anthu pa zifukwa zingapo, ndipo thanzi la munthu lili pa mndandanda umenewo.

Nsima ya ku Chimbokaila

Mlandu waciwili unacokela kuseli kwa mpanda wa ndende ya Lusaka Central, imene tonse timaidziwa kuti Chimbokaila. Ndendeyi inamangidwa m'nthawi ya atsamunda kuti izisunga anthu mazana ocepa cabe, koma yakhala ikusunga opitilila 1,000. Mu 2012 akaidi awili amene anali kumwa ma ARV anasumila Boma. Anati cakudya cimene anali kupatsidwa cinali cocepa ndipo cosapatsa thanzi, pamene mankhwalawo afuna kuti munthu azidya mokwanila. Anakambanso za maselo odzala kwambili, opanda mpweya wokwanila, mmene munthu sangapeze pogona motambasuka ndipo matenda ayenda mosavuta.

Ku High Court analuza. Yankho linali lija takamba kale, lakuti cakudya na thanzi zili m'gulu la zinthu zimene khoti siingakakamize Boma. Iwo sanagonje, anacita apilu. Mu December 2019 Supreme Court, khoti ya m'nyumba ija ya pa Independence Avenue, inagubuduza ciweluzoco. Amene anacipeleka ni Jaji Mumba Malila, amene pambuyo pake, mu 2021, anakhala mkulu wa oweluza onse m'dziko.

Khotiyo inati liu lakuti moyo mu Article 12 silitanthauza kupuma cabe. Munthu amene Boma lamutsekela sangapite ku msika, sangalime, sangagule cakudya cimene adokota amuuza. Ngati Boma silimupatsa cakudya coyenelela matenda ake, ndiye kuti liika moyo wake paciswe. Inatinso kupanikiza anthu m'maselo mwa njila ija ni kuwacotsela ulemu wawo monga anthu. Conco inalamula Boma kuti licepetse ciwelengelo ca akaidi m'ndendeyo, liwonjezele ndalama za cakudya ca akaidi odwala, ndipo lizipeleka lipoti ku High Court loonetsa zimene lacita.

Nidziwa zimene ena mukamba mumtima. Ati, ife osalakwa tigona na njala ku komboni, manje kawalala azidya bwino? Funso ili ni la nzelu, ndipo liyenela kuyankhidwa.

Coyamba, si onse a ku Chimbokaila amene anapezeka na mlandu. Ambili ni a limandi, oyembekeza cabe kuweluzidwa, ena kwa miyezi, ena kwa zaka. Kondakita wamenyana na mnzake pa siteshoni, dilaiva wacita ngozi, mayi wogulitsa wasowa womusainila beyilo: onsewa angagone kumeneko mailo. Akulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe.

Caciwili, mpanda wa ndende suletsa TB. Mkaidi akatuluka amakwela basi imodzi-modzi na ife, mawindo otseka cifukwa ca mphepo ya mu June, anthu anayi-anayi pa mpando. Oyang'anila ndende nawonso amabwelela ku mabanja awo madzulo alionse. Selo yopanda mpweya ni nkhani ya umoyo wa Kamwala, Kabwata na Misisi.

Cacitatu, ndipo ici ndiye cacikulu, mawu amene khoti yaikulu yamasulila sakhala a akaidi okha. Makhoti onse a pansi ayenela kutsatila kamasulidwe kameneko. Kucokela mu 2019, loya aliyense woimila munthu wamba angauze jaji kuti Supreme Court inavomela kale kuti cakudya na thanzi zingalowe mu ufulu wa moyo. Citseko cimene referendum inalephela kutsegula, akaidi awili anacikankha cinatseguka pang'ono.

Dzina limene lamulo linali kukuitanilani

A njila ya Chelstone mumapita pa Chainama tsiku lililonse. Dzina la cipatala ici tinalisandutsa citonzo. Munthu akalankhula zosamveka m'basi timati mutsitseni pa Chainama, ndipo tonse tiseka. Cimene ambili sitidziwa n'cakuti lamulo lenilenilo linali kutonza kuposa ife.

Kufika caposacedwa, nkhani za matenda a maganizo zinali kuyendetsedwa na Mental Disorders Act, lamulo la 1949, la nthawi ya Northern Rhodesia. Gawo 5 la lamulolo linali kuika anthu m'magulu na maina a Cizungu otanthauza citsilu na mbutuma. Pansi pa lamulo limeneli munthu anali kutsekeledwa m'cipatala ena atamukambila, iye mwini osafunsidwa.

Mu 2017 anthu atatu amene anapitamo m'mavuto amenewa anapita ku High Court. Mu October caka comweco khoti inaweluza kuti gawo 5 lisemphana na Constitution cifukwa mawu ake ni onyoza ndipo ni atsankho. Inatinso odwala maganizo ayenela kusamalidwa mwaulemu m'zipatala zonse, ndipo ngati n'kotheka azithandizidwa pa kiliniki ya kufupi na kwawo. Khotiyo siinafafanize lamulo lonse monga mmene osumawo anafunila, koma inati lifunika kuunikidwanso. Mu 2019 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Mental Health Act, ndipo lamulo la atsamunda lija linatha.

Izi zitanthauza ciani kwa imwe amai amene mwana wanu wasiya kugona, alankhula yekha, olo wagwa m'mowa na camba? Zitanthauza kuti mungayambile pa kiliniki olo pa cipatala ca m'dela lanu, ku Matero, Chawama, Kanyama, Chilenje olo Chipata, ndipo musacite manyazi kufunsa wothandiza pa za maganizo. Zitanthauzanso kuti kumanga munthu na cingwe m'nyumba, olo kumumenya kuti ziwanda zicoke, si cithandizo. Wodwala maganizo sataya maufulu ake a mu Bill of Rights.

Pakamwa na pa bokosi lovotela

Mwina mufunsa kuti ufulu wosonkhana na wovota ugwilizana bwanji na mankhwala. Ugwilizana kwambili, cifukwa cipatala cikasowa zinthu, cida ca munthu wamba ni pakamwa pake na voti yake.

Kale, kuti mucite msonkhano olo kuguba mumseu, munafunika cilolezo ca apolisi, ndipo wapolisi anali na mphamvu yokana osapeleka cifukwa comveka. A Christine Mulundika na anzawo asanu na awili, pakati pawo a Kenneth Kaunda amene apo n'kuti atacoka kale pa mpando, anaimbidwa mlandu wosonkhana popanda cilolezo. Mu January 1996 Supreme Court, motsogoleledwa na Jaji Matthew Ngulube, inaweluza kuti gawo la Public Order Act lofuna cilolezolo lisemphana na Constitution.

Amene anadzapindula na mfundo iyi ni madokota. Mu 2000 madokota acinyamata a bungwe la Resident Doctors Association of Zambia anaguba mu Lusaka kuti dziko lidziwe mmene zinthu zinaipila m'zipatala za Boma. Apolisi anawaletsa ndipo anawamanga. Mu 2003 Supreme Court inati apolisiwo ndiwo anaphwanya ufulu wa madokota wolankhula na wosonkhana. Ganizilani bwino: dokota akaopa kukamba kuti m'wodi mulibe magulovu olo okosijeni, wovutika si dokota. Ni imwe ogona pa bedi.

Pa za kuvota, mu 2011 bungwe loimila anthu olemala linasumila Electoral Commission of Zambia cifukwa malo ambili ovotela anali na masitepe, ena m'zipinda zapamwamba, ndipo osaona analibe njila yovotela mwacinsinsi pa mapepala onse. High Court inavomela kuti limeneli ni tsankho. Inakana kuimitsa cisankho cimene cinali citafika kale, koma inalamula kuti zinthu zikonzedwe cisankho cotsatila cisanafike. Ndiye mu 2017 Constitutional Court, pa mlandu wa a Godfrey Malembeka a bungwe losamalila akaidi, inati akaidi naonso ali na ufulu wovota. Mu August 2021 anavota koyamba. Wandale amene kale sanali kudziwa kuti ku ndende amadya ciani manje ali na cifukwa cofunsila.

Pepala silimagula mankhwala

Apa niyenela kukamba cilungamo, cifukwa sinifuna mutsike basi na maganizo akuti khoti ni famasi.

Tsiku lina n'napelekeza azakhali anga ku kiliniki ina kukatenga mankhwala a BP. Tinafika mdima ukalipo, tinakhala pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Pa windo anatipatsa kapepala kakuti tikagule ku kemisiti, cifukwa mankhwalawo anali atatha. Abambo ena okalamba amene anali kumbuyo kwathu anafunsa mokweza ngati palibe kumene munthu angasumile. Palibe anawayankha. Azakhali anangopinda kapepala kaja, n'kuniuza kuti, "Mwana wanga, tiye tione ngati ya basi ingatsale tikagula."

Funso la abambo aja lilibe yankho lofewa. Ziweluzo zimene nachula zili na malile atatu.

Oyamba ni nthawi. Akaidi a ku Chimbokaila anasuma mu 2012, yankho lomaliza linabwela mu 2019. Asilikali aja anacotsedwa nchito mu 2002, ciweluzo cinabwela mu 2010. Timati mlandu suola, koma munthu wodwala sangayembekeze zaka zisanu na ziwili.

Aciwili ni thumba. Jaji angalamule, koma sagawa bajeti. Ndalama za mankhwala zimagawidwa na nduna ya zacuma na aphungu ku Manda Hill. Olo ku South Africa kumene ufulu unalembedwa, mu 1997 khoti yawo yaikulu inakana pempho la munthu wodwala impso amene anafuna kuikidwa pa makina otsuka magazi m'cipatala ca Boma ku Durban. Inati makinawo ni ocepa, ndipo madokota ali na ufulu wosankha mwacilungamo amene angapindule nawo kwambili. Munthuyo anamwalila pasanapite nthawi.

Acitatu ni kutsatila. Pambuyo pa mlandu wa a Mulundika, aphungu anasintha lamulo kuti osonkhana azingodziwitsa apolisi pasadakhale. Koma kwa zaka zambili zipani zotsutsa, ciliconse pa nthawi yake, zakhala zikudandaula kuti cidziwitsoco cimatengedwa ngati cilolezo cakale cija. Ndende nazo sizinaleke kudzala tsiku limene jaji anamaliza kuwelenga ciweluzo.

Ena amati, popeza zili conco, majaji asamalowelele nkhani za zipatala na cakudya, cifukwa sitinawasankhe. Mfundo iyi ili na mbali yoona. Sitingafune kuti jaji azisankha kuti ambulansi ipite ku Kanyama olo ku Mandevu. Koma yang'anani bwino zimene majaji athu anacita. Sanalembe bajeti. Anangokumbutsa Boma kuti pali mzele umene silingadumphe: usapime munthu mobisa, usamutsekele n'kumumana cakudya, usamuitane citsilu m'buku la malamulo. Ine niona kuti imeneyo ndiye nchito yawo. Ndipo anthu amene anawathandiza ni aja amene voti yawo payokha siikanasintha kanthu.

Zimene mungacite imwe

Ciweluzo cimakhala na mphamvu ngati anthu acidziwa. Nesi, wapolisi olo bwana wa pa nchito amasintha kacitidwe akaona kuti amene ali patsogolo pake adziwa pamene lamulo liima. Conco sungani izi.

Musanatengedwe magazi, funsani mwaulemu kuti, "Asisita, mupima ciani?" Mukapatsidwa mankhwala, funsani dzina lake na nchito yake. Safunsa anadya phula. Anesi athu ambili asewenza mopanikizika, mmodzi pa odwala ambili-mbili, so kufunsa si kuyambana nawo.

Zotulukapo za kupima kwanu ni cinsinsi canu. Wa zaumoyo akaziulula kwa aneba, kwa abwana anu olo kwa acibale popanda imwe kuvomela, mungadandaule kwa woyang'anila cipatalaco, ndipo ngati sizinamveke, ku Health Professions Council of Zambia, bungwe loyang'anila madokota na ena a zaumoyo. Anesi ali na khonsolo yawo imene imamva madandaulo otelo.

Ngati muli na m'bale m'selo ya polisi olo m'ndende amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga olo a khunyu, uzani woyang'anila tsiku loyamba lomwelo, ndipo pitani na khadi lake la ku cipatala. Akafika ku khoti, iye olo loya wake auze majisitileti za matendawo. Mankhwala awa safuna kudumpha masiku.

Sungani mapepala. Khadi la ku kiliniki, kapepala ka mankhwala, lisiti ya ku kemisiti, kalata yocotsedwa nchito. Lembani tsiku na nthawi. Kumbukilani kuti asilikali a ku Livingstone analuza mbali ya nchito cifukwa ca umboni. Amene mumadulidwa ya NHIMA pa malipilo mwezi na mwezi, sungani mapesilipu, ndipo dziwani zipatala na makemisiti amene amalandila khadi lanu.

Kusowa ndalama za loya si mapeto a nkhani. Kuli Legal Aid Board, imene nchito yake ni kuimila anthu osakwanitsa kulipila. Kuli Human Rights Commission, kumene kudandaula ni kwaulele. Milandu yambili imene nachula siinayende na munthu mmodzi. Kumbuyo kwake kunali mabungwe na maloya odzipeleka, cifukwa mutu umodzi susenza denga. Ngati vuto lanu ligwela anthu ambili m'dela lanu, lembani pamodzi, ndipo yambilani ku komiti ya zaumoyo ya pa kiliniki yanu na kwa khansala.

Ndipo pali nchito imene jaji sangaticitile. Bill of Rights siingasinthidwe na aphungu okha, ifuna referendum. Ofuna mavoti akabwela m'komboni na vitenge na nyimbo, afunseni funso limodzi: kodi ufulu wa cithandizo ca mankhwala mudzaubweletsa liti kuti tiuvotelenso, ndipo paokha, osausakaniza na mpikisano wa zipani monga mu 2016? Akazungulila, funsaninso. Kufikila tsiku limenelo, wodwala aliyense wa m'Zambia adalila mmene jaji adzawelengela liu limodzi la mu Article 12.